Ufiti kwa Angerezi akale, nkhani yayambira pa phiri la Pendle

Nabanda wa ku Burnley: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Dzulo ndinali pa ofu ndiye mnzanga wakuntchito ananditengera ku phiri lina pafupi ndi kuno ku Burnley, England, lotchedwa Pendle, ine ndimangoti tikukapitidwa mphepo basi, koma tikudutsa pamudzi wina wa Roughlee ndinaona chiboliboli cha mzimayi manja ali mu unyolo. Kufunsa akuti ameneyu ndi Alice Nutter, ananyongedwa mu 1612 pa mlandu wa ufiti. Ine kudabwa, azungu omwewa amatiuza kuti ufiti kulibe? Ndafika kunyumba ndawerenga mpaka 2 koloko usiku ndipo mtima wanga sunakhale mmalo

Achisale: Ndiye mwaonatu asisi. Ife tikamati ufiti ulipo mumati ndife osaphunzira. Eni sukulu akewo ankaudziwa

Nabanda wa ku Burnley: Dikirani achimwene mumve kaye mmene zinayambira. Kunali mtsikana dzina lake Alizon Device, wa banja losaukitsitsa, ankakhalira kupempha. Mu Malichi 1612 anakumana panjira ndi bambo wina wogulitsa zinthu moyendayenda, John Law, namupempha mapini, bambo uja anakana kumasula katundu wake, mtsikana anamutukwana, ndiye bambo uja atangoyenda pang'ono anagwa, mbali imodzi ya thupi inafa, kuyankhula kukuvuta. Ine ntchito yanga ndi yosamala okalamba, zimenezo ndimaziona mwezi ndi mwezi, ndi sitiroko imeneyo. Koma chomwe chandipweteka nchakuti mtsikanayo mwini wake anakhulupirira kuti wamulodzadi, anagwada kupepesa, mpaka anavomera kuti kuli galu wakuda amene iye anamutuma kukapweteka bamboyo

Mai Busa: Ambuye atichitire chifundo. Ndiye anamupha chifukwa cha mapini?

Nabanda wa ku Burnley: Osati yekha amayi. Atamufunsa anatchula agogo ake omwe ankatchedwa Demdike, gogo wosaona wa zaka za mma 80, anatchulanso gogo wina wa banja lomwe ankadana nalo, Chattox, ndiye zinangopita choncho wina kutchula wina. Agogo Demdike anafera mundende ku Lancaster mlandu usanazengedwe. Pa 20 Ogasiti 1612 ananyonga anthu 10, azimayi 8 amuna awiri. Ndipo mboni yaikulu anali kamwana ka zaka 9, Jennet, mng'ono wake wa Alizon, anakaimika patebulo mkhoti kuti aliyense akaone, nkumaloza mayi ake okabereka kuti awa ndi mfiti, mayiwo akukuwa mpaka anawatulutsa panja kuti mwana amalize kuyankhula

Namaseko: Iii ayi. Zangokhala ngati za kwathu zija ana amati agogo amatitenga usiku kukatiphunzitsa ufiti

Aphunzitsi a Form 4: Asisi Nabanda mwayambitsa nkhani yabwino, ndiloleni ndiyikepo zomwe ndikudziwa chifukwa nkhani imeneyi ndinaikonda kuyambira ku koleji. Choyamba Angerezi sankaotcha mfiti ngati mmene timaonera mmafilimu, ankazinyonga ndi chingwe. Kuotcha kunali ku Scotland ndi maiko ngati Germany. Ku England akatswiri amati onse ophedwa ndi khoti anali pafupifupi 500, ambiri mwa iwo azimayi okalamba osauka, ena amasiye. Malamulo ake analipo atatu. La 1542 nthawi ya Henry VIII lomwe silinakhalitse, la 1563 nthawi ya Elizabeth I lomwe linkati ukapha munthu ndi ufiti unyongedwe koma ukangomudwalitsa kapena kupha chiweto chake ndi chaka chimodzi kundende, kenako la 1604 nthawi ya James I lomwe linakhwimitsa zinthu, kungopezeka kuti umadyetsa mzimu woipa basi chingwe olo usanapweteke munthu

Achisale: James ameneyu si uja wa Baibulo la King James?

Aphunzitsi a Form 4: Yemweyo achimwene. Asanakhale mfumu ya England anali mfumu ya Scotland, ndiye pobwera ndi mkazi wake kuchokera ku Denmark anakumana ndi namondwe panyanja, anthu anati ndi mfiti za ku North Berwick zimafuna kumiza sitima yake, mu 1590 iye mwini anakhala nawo pofunsa oganiziridwawo, ndipo mu 1597 analemba buku lonse la ziwanda ndi mfiti. Baibulo lija linatuluka mu 1611, chaka chimodzi chokha za ku Pendle zisanachitike

Mai Busa: Koma aphunzitsi tisamupake matope chifukwa cha Baibulo, mawu oti mfiti isakhale ndi moyo ali pa Eksodo 22:18 sanawalembe ndi James. Satana alipo ndipo amagwira ntchito, ine zimenezo sindingasinthe. Chomwe ndimakana ndi choti munthu wathupi ngati ine aziloza mnzake chala kuti uyu ndiye wa Satana, waona bwanji mumtima mwake?

Aphunzitsi a Form 4: Amayi mwakhudza penipeni. Chifukwa ku England kunali ngati zikhulupiriro ziwiri zomwe zinakumana mkhoti. Anthu wamba kumudzi za Satana sizinkawakhudza kwenikweni, iwo dandaulo lawo linali loti ng'ombe yanga yafa, nkhumba zachita misala, mowa wasasa, mkaka ukukana kugwira batala, mwana akukomoka komoka, ndipo izi zachitika nditangokangana ndi gogo wapaseli apo. Pomwe abusa ndi ophunzira ankati ayi nkhani si ng'ombe, nkhani ndi pangano lomwe munthuyo wapanga ndi Mdyerekezi, wakana ubatizo wake wapereka moyo wake. Mbusa wina wotchuka wa ku Cambridge, William Perkins, anafika ponena kuti sing'anga wochiritsa ndi woipa kuposa mfiti yolodza, chifukwa yolodza imawononga thupi koma sing'anga amakopa anthu kuti azithamangira kwa Satana akadwala. Koma anthu akumudzi sankamva zimenezo, ankapitabe kwa asing'anga awo

Namaseko: Dikirani, azungu anali ndi asing'anga??

Aphunzitsi a Form 4: Ambirimbiri achemwali, ankawatcha cunning folk. Kuombeza katundu wobedwa, mankhwala achikondi, kuchiritsa ziweto, ndi kukuuza amene wakulodza, nthawi zina ankakuonetsa nkhope pagalasi kapena kungokufunsa kuti iwe ukuganizira ndani. Agogo Demdike aja nawonso ankadziwika ngati ochiritsa kwa zaka zambiri, anthu omwewo ankapita kwa iwo ndi omwe anadzawatembenukira

Nabanda wa ku Burnley: Ndipo kutsirika nyumba ankatsirika. Ndaona zithunzi za mabotolo omwe amawapeza pansi pa nyumba zakale akamakonza, mkati muli mkodzo, misomali, mapini opindika, tsitsi ndi zikhadabo, ankakwirira pansi pa moto kapena pakhomo kuti ululu ubwerere kwa wolodzayo. Ena ankabisa nsapato yakale mu chumuni. Ena ankati ukamukanda mfiti mpaka atuluke magazi matenda amatha, ndiye taganizani gogo akuyenda panjira anthu nkumugwira kumukanda kumaso ndi singano

Achisale: Ndiye nonse mukuvomereza zomwe ndanena zija. Ngati anthu a maiko osiyana omwe sanaonanepo akuchita zofanana, botolo uko nyanga kuno, ndiye kuti chinthucho chilipo. Utsi sufuka popanda moto

Wa ku Chipata: Amalume ine ndikuona mosiyana. Zikanakhala kuti ufiti ndi umodzi bwenzi mfiti zake zikufanana. Kwathu mfiti imauluka pa lichero, imakwera fisi, imafukula maliro kudya nyama ya munthu, imayenda maliseche usiku. Nanga za ku England zinkatero? Aphunzitsi tithandizeni

Aphunzitsi a Form 4: Zouluka ndi zokumana usiku kumadyerero zinkamveka kwambiri ku France ndi Germany, mmilandu ya ku England zinali zochepa. Chawo chenicheni Angerezi chinali tizilombo toweta. Ankati mfiti iliyonse ili ndi kamzimu kooneka ngati mphaka, galu, chule, khoswe kapena kalulu, imakasunga mumphika wa ubweya wa nkhosa, imakatuma kukapweteka anthu, malipiro ake kamayamwa magazi pathupi pa mwini wakeyo. Mlandu wa ku Chelmsford mu 1566 mayi wina Agnes Waterhouse ananyongedwa, nkhani yake inali ya mphaka woyera wamawanga dzina lake Sathan yemwe akuti ankamupatsa dontho la magazi ndipo kenako anasanduka chule. Ndiye chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi ankavula oganiziridwa, azimayi anzawo nkumafufuza thupi lonse mpaka kumalo obisika kufuna kabere komwe kachilomboko kamayamwapo. Njerewere, chipsera, kanyama kalikonse kotuluka, basi umboni wakwana. Ndani wa zaka 70 amene thupi lake lilibe kanthu kotero

Namaseko: Gogo wokhala yekha amene mnzake ndi mphaka basi, nkumayankhula naye poti palibe wina womuyankhula. Mpaka mphakayo asanduke umboni. Zandikhudza

Wa ku Chipata: Mwaona amalume, aliyense mfiti yake amaiumba ndi dothi la kwawo. Kuno fisi uko mphaka. Chofanana ndi mantha ndi maliro basi

Achisale: Mphwanga iwe usandiphunzitse, ine ndinaona ndi maso anga zinthu kumudzi zomwe sindingazilembe pano. Sukulu ndinapitako koma pali zina sukulu siyifikapo

Mai Busa: Tiyeni tizilemekezana abale, aliyense ayankhule zakukhosi

Aphunzitsi a Form 4: Achisale sindikutsutsa zomwe munaona, koma ndikufuna muone amene ankatchulidwa ndi ndani komanso nthawi yanji. Akatswiri awiri, Keith Thomas ndi Alan Macfarlane, anafufuza milandu yambiri makamaka ya ku Essex ndipo anapeza nkhani imodzimodzi ikubwerezeka. Gogo wosauka wabwera pakhomo kudzapempha mkaka, yisiti, kachidutswa ka tchizi kapena kubwereka chiwiya. Mwini nyumba wamukaniza. Gogo akubwerera akung'ung'udza. Patapita masiku mwana wadwala kapena ng'ombe yafa. Mwini nyumba uja mumtima akudziwa kuti analakwa kumana mnansi wake, chikumbumtima chikumudya, ndiye mmalo moti anene kuti ndinachimwa amati gogo uja wandilodza, tsopano woipa wasanduka gogoyo. Nthawi imeneyo anthu ankachuluka, zakudya zikukwera mtengo, nyumba za amonke zomwe zinkathandizako osauka Henry VIII anali atatseka, mwambo wothandizana pamudzi ukutha koma anthu akudziwabe kuti ndi udindo wawo. Onaninso za mapini zija, ndi ndendende. Ndipo a ku Chipata mudziwe kuti akatswiri amenewa nzeru zina anazitenga kwa omwe anafufuza za ufiti kuno ku Africa, ndipo mmodzi mwa ofufuza za kunowo, Max Marwick, anakhala pakati pa Achewa a kwanu konko kummawa kwa Zambia. Iye anapeza kuti kwa ife otchulana ufiti amakhala pachibale, a mbumba imodzi, pa nkhani za chuma chamasiye ndi ufumu. Kwa Angerezi anali anansi oyandikana nyumba

Wa ku Chipata: Zoona zimenezo, kwathu sungamve kuti walodzedwa ndi mlendo, amakhala amalume kapena azakhali

Namaseko: Ine ndakhala chete pa china chake koma ndinene. Agogo anga aakazi anathamangitsidwa pamudzi ndili Standard 6. Mwana wa asuweni athu anamwalira, malungo anachedwa naye kuchipatala, koma dzulo lake agogo anali atapita kukapempha mchere pakhomo pomwepo anawakaniza ndiye iwo anati chabwino tiona. Mawu awiri amenewo basi. Anawagwetsera nyumba, anawaotchera zofunda, bambo anga anachita kukawatenga usiku pa njinga kubwera nawo kutauni. Anakhala nafe zaka 4 mpaka kumwalira koma tsiku lililonse ankafunsa kuti nkhuku zanga akuzipatsa madzi ndani. Ndiye pomwe aphunzitsi mukuti mkaka ndi yisiti ine ndikuona mchere uja, ndikulemba pano misozi ikutsika

Mai Busa: Pepani mwanawanga. Pepani kwambiri

Achisale: Pepani achemwali. Zoterezo ine sindigwirizana nazo olo pang'ono, kukhulupirira kuti ufiti ulipo sikutanthauza kugwetsa nyumba ya nkhalamba

Nabanda wa ku Burnley: Pepa mnzanga. Ndipo kuntchito kwathu kuno tili ndi agogo odwala matenda oiwalaiwala, amadzuka usiku kumayenda, ena kuvula zovala, ena kuyankhula ndi anthu omwe anamwalira kalekale, ena kutukwana. Ndimaganiza kuti gogo ameneyu akanapezeka mbandakucha ali chomwechi pakhomo pa munthu kumudzi kwathu bwenzi akuti wagwa pa ndege. Tisaiwale a ku Neno aja mu 2016, agogo anayi kuphedwa tsiku limodzi chifukwa mphenzi inapha mtsikana

Wa ku Chipata: Aphunzitsi nanga uja amati Witchfinder General, mkulu wosaka mfiti, ndi wa nthawi yomweyi?

Aphunzitsi a Form 4: Ameneyo ndi wa pambuyo pake, Matthew Hopkins, mwana wa mbusa, anali mnyamata sanafike ndi zaka 30 zomwe. Udindo umenewo anadzipatsa yekha palibe anamusankha. Inali nthawi ya nkhondo yapachiweniweni pakati pa mfumu Charles I ndi nyumba ya malamulo, makhoti sakuyenda bwino, anthu ali ndi mantha akuti dziko likutha. Iye ndi mnzake John Stearne anayambira ku Manningtree mu 1645 ndi gogo wa mwendo umodzi Elizabeth Clarke. Lamulo la England silinkalola kuzunza munthu pomufunsa mlandu wotere, ndiye iwo anapeza njira ina, kumukhazika munthu pampando osagona masiku atatu anayi, akati asinze kumuyendetsa uku ndi uku mchipinda mpaka mapazi kutupa, amvekere tikudikira tizilombo take tibwere kudzayamwa. Munthu osagona masiku anayi amavomera chilichonse. Ena ankawamanga chala chamanthu cha dzanja ku chala cha phazi nkuwaponya mmadzi, ukayandama ndiwe mfiti poti madzi a ubatizo akukukana, ukamira ndiwe wosalakwa. Ankayenda tauni ndi tauni ndipo matauniwo ankawalipira. Ku Bury St Edmunds mu Ogasiti 1645 ananyonga anthu 18 tsiku limodzi, mmodzi mwa iwo anali mbusa wa zaka pafupifupi 80, John Lowes wa ku Brandeston, yemwe akhristu ake ankadana naye kalekale, atamusowetsa tulo anavomera kuti anamiza sitima panyanja. Mzaka ziwiri zokha anaphetsa anthu pafupifupi 100

Wa ku Chipata: Zamadzizo ndi mwabvi weniweni. Ndipo zoyenda mudzi ndi mudzi nkumalipidwa ndi za mchape zija agogo ankatiuza, za mma 1930, ankafoletsa mudzi wonse nkumayang'ana pagalasi

Mai Busa: Mpaka mbusa kunyongedwa. Nanga mpingo unali kuti anthu akuphedwa chonchi

Aphunzitsi a Form 4: Ena mumpingo ankaombera mmanja amayi, koma amene anamuimitsa analinso mbusa, John Gaule wa ku Great Staughton, analalikira momutsutsa nalemba mu 1646 kuti tsopano nkhalamba iliyonse ya makwinya yokhala ndi mphaka ikutchedwa mfiti. Anthu anayambanso kudandaula ndalama zomwe zinkapita. Hopkins anamwalira mu 1647 kwawo, akuti ndi chifuwa chachikulu. Ndipo otsutsa analipo kuyambira kale, Reginald Scot wa ku Kent analemba kale mu 1584 kuti amene akuphedwawa ndi nkhalamba zosauka zosokonezeka mutu ndipo kunena kuti zingabweretse mvula yamatalala ndi kuzipatsa mphamvu za Mulungu

Achisale: Chabwino, ndiye zinatha bwanji? Anangodzuka tsiku lina nkuti ufiti kulibe?

Aphunzitsi a Form 4: Ayi, anayamba ndi majaji kukana umboni. Sankanena kuti Satana kulibe, ankangofunsa kuti tidziwa bwanji kuti ng'ombe iyi yafa ndi mayi uyu osati matenda. Azimayi atatu a ku Bideford omwe ananyongedwa ku Exeter mu 1682 ali mgulu la omalizira. Mu 1712 Jane Wenham anapezeka wolakwa koma jaji John Powell anapempha kuti akhululukidwe ndipo sanaphedwe, akuti atamva kuti mayiyu amauluka anayankha kuti palibe lamulo loletsa kuuluka. Mu 1736 lamulo linatembenuka, mlandu sunalinso ufiti koma kunamizira kuti uli ndi mphamvu zotero. Koma kumudzi anthu sanasinthe msanga. Mu 1751 kufupi ndi Tring chigulu cha anthu chinagwira gogo Ruth Osborne ndi mwamuna wake nkuwaponya padziwe, gogoyo anafa, ndipo nkhani yake inayambanso ndi mlimi amene anamukaniza mkaka. Boma linanyonga Thomas Colley amene ankamukankha ndi ndodo mmadzimo, koma anthu ambiri a mderalo ankaona kuti Colley walakwiridwa

Wa ku Chipata: Ndiye lamulo lija la ku Malawi la 1911 loti ukatchula munthu mfiti wamangidwa ndiwe, linachokera kumeneku eti

Aphunzitsi a Form 4: Maganizo ake ndi omwewo, atsamunda anabwera nawo atatha kale zaka zoposa 170 akuyendera lamulo lotero kwawo, analetsa mwabvi, kutchula munthu mfiti ndi kudzitcha mfiti. Kungoti kwawo zinatenga mibadwo anthu akukangana okhaokha, kuno anangofika nkulemba, osatiuzanso kuti agogo awo ankakwirira mabotolo a mkodzo pakhomo

Achisale: Apo ndiye pomwe pamandipweteka ine. Lamulo limati kulibe pomwe anthu onse pamudzi akuti ulipo, ndiye munthu mwana wake wamwalira apite kuti? Kupolisi akamuseka, kwa amfumu akuopa kumangidwa, mapeto ake amatenga chikwanje. Bola boma livomereze kuti ulipo milandu izipita kukhoti

Namaseko: Amalume kukhotiko umboni wake ukakhala chani? Angerezi anayesa zimenezo zaka pafupifupi 200, umboni wake unali njerewere, mphaka ndi mwana wa zaka 9. Agogo anga akanapita kukhoti lotero bwenzi atamangidwa chifukwa cha tiona uja, mudzi wonse ukanachitira umboni

Achisale: Ndamva achemwali. Sindinasinthe maganizo pa zoti ulipo koma funso lanulo yankho ndilibe, ndiliganizira

Mai Busa: Ine chomwe chikundivutabe ndi kamwana kaja Jennet. Mayi ake, mchimwene wake ndi mkulu wake onse kunyongedwa ndi mawu ake, kanakula bwanji, anakalera ndani

Nabanda wa ku Burnley: Amayi nkhani yake ili ndi mchira. Patapita zaka zoposa 20, mu 1634, kamnyamata kena ka komweko ku Pendle, Edmund Robinson, kananena kuti kanagwidwa ndi mfiti kutengeredwa kuphwando lawo, akuluakulu nkumakayendetsa mmatchalitchi kuti kaziloza anthu. Anthu 17 anapezeka olakwa koma ulendo uno majaji anakayikira, nkhani inapita ku London, azimayi anayi anatengeredwa komweko nkuyezedwa ndi azamba pamodzi ndi dokotala wa mfumu William Harvey, uja anatulukira mmene magazi amayendera mthupi, sanapeze kabere ka Satana olo kamodzi. Mnyamata uja atamupanikiza anaulula kuti anapeka, ankaopa kukwapulidwa poti anachedwa kukatenga ng'ombe. Palibe ananyongedwa koma ena anatsalabe mundende ya Lancaster. Pa mndandanda wa omwe anatchulidwa ndi mnyamatayo pali dzina loti Jennet Device, ndipo ambiri amati ndi yemwe uja anaimikidwa patebulo

Namaseko: Mayo ine

Nabanda wa ku Burnley: Ndikulowa shifiti ya usiku tsopano, foni ndisiya mu loka. Loweruka likubwerali ndikufuna ndikwere sitima ndipite ku Lancaster ndikaone chipinda chapansi chomwe anafera agogo Demdike, ndikajambula ndidzaponya pano. Namaseko ndikuimbira mawa ndikaweruka